Batire la a Namakhwa

Lolemba

M'mawa. Kalata yafika kuchokera ku likulu la kampani ku Blantyre. A Khuliwa, makaniko wathu, aimata pachitseko cha depoti ndi girisi poti guluu tilibe. Ndaiwerenga katatu. Sikusintha.

Akuti Loweruka kukubwera woyendera mabasi. Msewu wa Muloza mpaka Limbe utsala ndi basi imodzi yokha. Imene ipambane itsala kuno ndi dalaivala wake. Dalaivala wa basi yolephera akagwira ku Nsanje.

Ku Nsanje! Ine mwana wa m'munsi mwa phiri, wogona ndi mabulangete awiri! Kwangotsala zaka ziwiri kuti ndipume pantchito. Kuseri kwa nyumba ndili ndi mizere khumi ndi inayi ya nanazi. Ku Nsanje ndikatani, ndikawotche dazi?

Mabasi tili nawo atatu:
1. Mayi Busa, yanga. Sathamanga, koma amafika.
2. Chiperoni, ya a Namakhwa. Chikadutsa amayi amathamangira kukaanula zovala poyesa kwachita mitambo, pomwe ndi utsi.
3. Malemu, pansi pa mtengo wa mapeyala. Alibe dalaivala. Mumagona nkhuku za a Khuliwa.

Malemu sanadwale ayi. Anaima tsiku limodzi chaka chatha kudikira lamba wa fani kuchokera ku Blantyre. Lamba sanabwere. Ine ndinabwerekako sitata, a Namakhwa batire, kenako aliyense kake kake mpaka kutha. Pa zomasulika anapulumuka matayala okha, chifukwa jeke yathu anaibwereka anzathu a depoti ina. Pano mawu oti kuba sitiwadziwa. Timabwereka.

Ndiye mpikisano ndi wa awiri, ine ndi a Namakhwa.

Matenda a Mayi Busa:
- batire. Lidafa kalekale. Ndimawaimika pamtsetse wa pageti, m'mawa ndingochotsa mwala, giya yachiwiri, alira.
- hutala. Imalira ngati mbuzi ya chimfine.
- waipa. Ya chingwe. Wokhala mpando wakutsogolo ndiye amakoka.

Zonsezi ku Chiperoni zili bwinobwino. Ine ndimanyamuka faifi m'mawa, ndimabwera wani koloko. A Namakhwa amanyamuka thu koloko, amabwera madzulo. Pakati pa wani ndi thu amakhala ali kumsika kudya kalongonda, ndipo sadya mofulumira. Ola lathunthu, mabasi onse awiri ali pano!

Dongosolo: tsiku lililonse kubwereka chinthu chimodzi. Mabuleki osakhudza. Ndine wobwereka, sindine mfiti.

Masana. Batire lasinthidwa. Kulemera kwake ngati thumba la feteleza, msana wanga wanena zambiri. Katundu ndi wa kampani, mabasi ndi a kampani, inenso ndine wa kampani. Wabedwa ndani?

Thu koloko Chiperoni chakana kulira. Okwera atsika kukankha. Ndathandiza nawo, ndine Mkhristu.

Madzulo. Akazi anga, mayi a Esnati, ndawauza za kalata. Akuti: "Ku Nsanje mupita nokha. Muzikaimba foni Lamulungu."

Lachiwiri

Dzulo Mayi Busa ndinawaimika pamalo osalala, kutali ndi mtsetse, ngati basi ya anthu olemera. Lero ndakwera, ndakonza kolala, ndapotokola kiyi.

Tche.

Ndapotokolanso. Tche.

Anthu makumi atatu akundiyang'ana pagalasi. Kunja kukuwaza kamvula kozizira ka Juni. Atsika kukankha, amayi ena ali ndi mwana kumsana. Mmodzi akuti: "Tikiti iyi ndi yokwera kapena yogwira ganyu?"

Ndiye kuti batire la a Namakhwa ndi lopanda ntchito ngati mwini wake. Msana ndathyola pachabe.

Masana. Sindikubwerera m'mbuyo. Ndabwereka hutala. Poona kuti nthawi ilipo ndawonjezera waipa. Ndinati chimodzi patsiku, inde, koma dzulo silikuwerengedwa.

A Khuliwa andidutsa ndili ndi sipanala m'manja, mutu m'mimba mwa Chiperoni. Ndati ndikumvetsera ngati mulibe mbewa. Agwedeza mutu, apita kukatola mazira mwa Malemu. Munthu uyu salankhula, ndimamukondera pomwepo.

Thu koloko. Ndakhala pabenchi kudikira chisangalalo. A Namakhwa akwera, apotokola kiyi. Chiperoni chalira kamodzi n'kamodzi!

Ndi batire langa lakufa lija? Kodi limangodana ndi ine? Zaka zitatu ndikulisamala, kulithira madzi, kulimanga ndi kansalu, lero likasangalatse mlendo?

Potuluka pageti andiimikira dzanja, akumwetulira. Aliza hutala. Mbuzi. Kumwetulira kwatha. Pamenepo mtima wakhalako pansi.

Madzulo. Ndazungulira m'munda wa nanazi. Ndawauza kuti asade nkhawa.

Lachitatu

Pamtsetse, mwala, giya yachiwiri. Bola.

Pa Chitakale pali anthu ambiri. Ndati lero amve hutala yeniyeni. Ndadina ndi dzanja lonse.

Mbuzi!

Ana asukulu aseka mpaka wina wagwetsa chikwama. Tisanafike pa Chonde mvula yayamba. Ndapotokola swichi ya waipa, zii. Ndikuyang'ana, chingwe chija chilipo, chamangidwanso bwinobwino, ndi mfundo yokongola imene ine sindimanga. Mpando wakutsogolo pali abambo a jekete, akuti akupita ku khothi. Akoka chingwe mpaka ku Limbe. Potsika akuti dzanja lawo silingathenso kulumbira.

Ku Limbe ndatsegula bokosi la batire. Pamutu pake pali kansalu kofiira. Chitenje chakale cha mayi a Esnati. Ndinamanga ndekha.

Ndi langa lomwe. Namakhwa wakhala akubweza zonse madzulo ine nditapita kunyumba!

Wakuba! Munthu wamkulu, wa imvi, woimba kwaya, kuba chinthu chimene mnzake wabwereka mwaulemu! Dziko lapita kuti? Kuyambira lero "a" wa ulemu ndamuchotsera m'buku lino.

Masana. Nzeru zatsopano. Kulakwa kwanga kunali kuika zinthu mwa Mayi Busa, momwe iye amadziwa kuyang'ana. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo.

Kuseri kwa galaja kuli dzala la a Khuliwa la zitsulo zakutha. Ndatolako batire lotupa m'mbali, hutala ya dzimbiri, waipa yopindika. Izi ndaika mu Chiperoni. Zabwinozo ndakabisa mwa Malemu, pansi pa mipando ya kumanzere, ndafunditsa thumba. Mumalowa nkhuku zokha ndi mwini nkhuku, amene amangofuna mazira. Loweruka m'mamawa ndidzatulutsa, ndidzamanga, woyendera adzapeza Mayi Busa ngati mkwatibwi.

Thadzi lakuda landijompha pachala. Mboni yokhayo.

Thu koloko Chiperoni chakankhidwa. Lero sindinathandize, msana.

Madzulo. Ndikuseka ndekha. Usiku uno Namakhwa asinthanitsa batire lakufa ndi batire lakufa. Anyamule, athyoke nayenso. Mayi a Esnati akufunsa chimene ndikusekera. Ndati nkhani za kuntchito. Akuti: "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Mkazi uyu pakamwa pake sipatuluka dalitso.

Lachinayi

Mayo ine! Pamtsetse paima Chiperoni. Mayi Busa awatsetseretsa mpaka pansi, mphuno yatsamira mpanda. Mtsetse ndi umodzi depoti yonse, ndipo ndi wanga kuyambira kale. Aliyense amadziwa. Mwala womwe ndi wanga!

Okwera akana kukankha. Akuti sabata ino akankha kokwanira. Mwayi wake munali amuna atatu a ku Likhubula, aja amanyamula katundu wa alendo kukwera naye phiri. Akankha akucheza nkhani za mpira, osapuma n'komwe. Mmodzi akuti: "Tipitirize mpaka ku Limbe? Mwina tifika msanga."

Kunja kudakali mdima pang'ono. Ndayatsa nyali. Yakumanja ikuphethira, yakumanzere yagona. Dzulo zonse zinali kuwala.

Pa Chonde, phaa! Nthunzi. Singano ya kutentha yakwera mpaka kumapeto. Ndatsegula injini: lamba wa fani waduka. Koma lamba wanga ndi watsopano, wa mwezi watha. Uyu ndi wakale, wong'aluka, ndikumudziwa, anali kudzala. Ndasuzumira pansi. Sitata yanganso si yanga. Pali chitsulo cha dzimbiri chogwidwa ndi mabawuti awiri.

Ndiye kuti nayenso watulukira nzeru yomweyo. Kubera mnzake mayeso!

Zotayika:
- lamba wa fani
- sitata
- mababu a nyali
- ulemu wanga pa Chonde

Ndagula linya kwa wokonza njinga, ndaluka katatu, ndamanga. Tikuyenda ngati tikuperekeza maliro. Wa kabaza watipitirira atanyamula mayi ndi mbuzi. Mbuziyo yalira, anthu m'basi akuti: "Adalaivala, m'bale wanu akukupatsani moni." Amayi ena otchola tiyi atsika, akuti ali pachangu, ayenda wapansi.

Linya laduka kawiri popita, kamodzi pobwera.

Ndafika pa depoti thu koloko itakwana. Namakhwa ali pageti.

Iye: "Mwachedwatu lero, achimwene. Kunjira kuli bwino?"
Ine: "Kuli bwino, achimwene. Zikomo pondisungira mtsetse."

Tagwirana chanza. Manja onse awiri akuda bii ndi girisi.

A Khuliwa aima padzala pawo, manja m'chiuno. Akuti: "Mbewa za chaka chino zikudya zitsulo. Dzala langa latsala theka." Sanayang'ane munthu.

Madzulo. Esnati waimba foni kuchokera ku Mulanje Mission kumene amagwira. Amayi ake amuuza kale zonse. Akuti ku Nsanje ndizikamwa madzi ambiri. Mwana wanga yemwe wandisamutsa kale!

Tulo sitikubwera bwino. Zoona zake ndikuchita mantha. Zaka zonsezi ndimadzuka phiri lili pomwepo, ndimadziwa dzenje lililonse la msewu uno, ndimadziwa amene amakwera Lachisanu ndi nthochi. Kukayambanso kwina ndi maondo awa, sindikufuna.

Lachisanu

Ndalawirira. Chiperoni ndachitsetseretsa pang'onopang'ono mpaka kumpanda, mwaulemu, monga anachitira mwini wake. Mtsetse wabwerera kwawo.

Ndanyamula linya mtolo wathunthu. Laduka kawiri kokha. Ku Muloza mnyamata wa kutsidya kwa malire wogulitsa zitenje wazungulira basi yonse, akuti: "Amigo, iyi mukugulitsa pa kilo?" Ndamuyang'ana mpaka wachoka.

Masana. Ndalowa mwa Malemu kukaona chuma changa. Kumanzere zonse zilipo: batire, hutala, waipa. Ndawonjezera galasi loonera kumbuyo la Chiperoni, la bonasi.

Potuluka ndapunthwa pathumba lina, pansi pa mipando ya kumanja. Ndavundukula.

Abale inu! Sitata yanga. Lamba wanga. Mababu anga, atakulungidwa bwino mu nyuzi. Ngakhale kapu ya radiyeta imene sindinadziwe kuti yasowa.

Mbava iyi ikubisa m'nyumba imodzi ndi ine! Iye kumanja, ine kumanzere, pakati kanjira, ngati amuna ndi akazi m'tchalitchi.

Dzanja lafuna kutenga pompo. Koma mutu wati dikira. Ndikatenga lero, madzulo aona, abweza, tibwerera poyambira. Ndikasiya, agona mtima uli m'malo. Mawa folo koloko ndifika ine, nditenga milu yonse iwiri. Mayi Busa avala zonse. Chiperoni chikumana ndi woyendera chili ndi zakudzala zokhazokha.

Nzeru ngati izi kampani ikuziwononga pachiwongolero. Ndinayenera kukhala ku ofesi.

Ndafunditsanso thumba lake monga linalili.

Panja ndakumana ndi a Khuliwa atanyamula nkhuku ziwiri m'khwapa, dengu la mazira kumanja. Akuti nkhuku zikusamuka. Ndafunsa chifukwa. Akuti: "Nyumba ya eni." Abwerekanso sipanala yanga ya 13 ndi pampu yopopera matayala ya kwa oyandikana nawo. Ukalamba ukuyamba, munthu wosauka. Ndawapatsa.

Madzulo. Ndasita yunifolomu. Ndathyola nanazi wamkulu kuposa onse, wa woyendera. Si ziphuphu, ndi chipatso. Mayi a Esnati atsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, akuti akungoipukuta fumbi.

Loweruka

Folo koloko. Pageti ndakumana ndi Namakhwa. Iye tochi ndi sipanala, ine tochi ndi pulayala.

Iye: "Ndimati ndione nkhuku."
Ine: "Inenso."

Tayenda limodzi kupita ku mtengo wa mapeyala, aliyense akuyesa kutsogola osaoneka kuti akuthamanga. Pakhomo la Malemu tapanikizana mapewa.

Mwasesedwa. Mwakolopedwa. Fungo la zitosi latha, mukununkha sopo. Kumanzere mbee. Kumanja mbee. Matumba awiri apindidwa bwino, aikidwa pampando wa dalaivala.

Tayang'anana. Palibe wafunsa mnzake chimene akufuna.

Kutacha taona bwino. Matayala apopedwa. Magalasi atsukidwa. Pagalasi lakutsogolo pali waipa ya Namakhwa, m'mbali galasi lake. M'maso mwa Malemu muli mababu anga. Pansi pa mtengo a Khuliwa akumwa tiyi, avala ovolosi yochapa, maso ofiira ngati munthu amene sanagone.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndikanangotenga zanga dzulo!

Naini koloko. Woyendera wafika. Ndi mayi wachitsikana, wa nsapato zafulati, ali ndi faelo. Nanazi walandira ndi manja awiri, wathokoza, waika m'galimoto. Nkhope sinasinthe.

Lamulo loyamba: basi iliyonse ilire pamalo osalala. Mtsetse ayi, kukankha ayi.

Mayi Busa: ngakhale tche sanatche.
Chiperoni: tche. Kenako kafungo ka waya wopsa.

Watsegula injini ya Mayi Busa, wagwira linya langa loluka katatu, walikoka, lalira ngati bangwe. Wafunsa kuti ichi n'chiyani. Ndati ndi chongogwirizira. Walemba nthawi yaitali.

Hutala ya Chiperoni sinalire n'komwe. Yanga yalira. Bola ikanakhala chete.

Kenako waloza ku mtengo wa mapeyala. "Nanga iyo?"

Namakhwa ndi ine tayankha pamodzi kuti imeneyo ndi yakufa. A Khuliwa aika kapu pansi, akwera, apotokola kiyi.

Malemu atsokomola kawiri, alavula nthenga ku ekizozi, alira! Injini yosalala, nyali zonse ziwiri, waipa uku ndi uku popanda wokoka, hutala yomveka mpaka ku Chitakale. Azungulira bwalo katatu. Nkhuku zikuwathamangira pambuyo.

Woyendera watsegula faelo. Akuti m'mabuku basi iyi ikudikira zipangizo kuyambira chaka chatha, ndipo likulu silinatumize kanthu. Zachokera kuti?

A Khuliwa: "Zinangobwerera kwawo, bwana. Ndinazipeza pansi pa mipando. Kapena adalaivalawa akudziwapo kanthu."

Ine ndayang'ana phiri. Namakhwa wayang'ana phiri. Phiri lenilenilo labisala m'mitambo.

Woyendera akuti yapambana ndi iyi. Itsala ndi dalaivala wake. Ndaponya phazi kutsogolo. Namakhwa waponyanso. Ndati basi iyi ndimaidziwa mkati ndi kunja. Mayi uja akuti: "Ndaona." Wayang'ana manja athu.

Pamenepo a Khuliwa apisa m'thumba, atulutsa pepala la shuga, m'pepalamo laisensi yoyendetsera basi. Yamoyo, ya chithunzi chovala tayi. Zaka zonsezi! Ndati bwanji simunanene? Akuti: "Simunafunse. Mumangofunsa sipanala."

Chigamulo:
1. Malemu atsala ku Mulanje. Woyendetsa a Khuliwa.
2. Mayi Busa ndi Chiperoni akokedwe, zotsalazo aphatikize ituluke basi imodzi.
3. Basi imeneyo ipite ku Nsanje.
4. Madalaivala ake onse awiri apite nayo, azikasinthana.

Onse awiri!

Nanazi wapita ku Blantyre.

Lamulungu

Kutchalitchi. Namakhwa ali mu kwaya, akuimba mokweza ngati palibe chachitika. A Khuliwa akhala kutsogolo, anthu akuwapatsa moni wa manja awiri, ena ayamba kale kuwatchula adalaivala. Ulaliki sindinaumve. Ndimawerenga malata a denga.

Mayi a Esnati alongedza sutikesi. Akuti anayamba kusonkhanitsa katundu Lachitatu, tsiku lomwe ndinkaseka ndekha.

Zomwe zalowa:
- malaya opepuka atatu
- neti ya udzudzu
- makaka a chinangwa, thumba laling'ono
- chipewa cha dazi

Zomwe zatuluka: mabulangete onse awiri, juzi, jekete. Akuti kumeneko ndizikafunda thukuta. Anena akuseka, kenako alowa kukhitchini, akhalako nthawi yaitali. Potuluka akuti ndi utsi. Moto unali usanakolezedwe.

Sipanala yanga ya 13 sinabwere. Sindikaitenga. Mwambo wa pa depoti ndimaudziwa, ndinathandiza nawo kuukhazikitsa.

Masana ndayenda m'mizere ya nanazi. Ambiri apsa mu Disembala. Ndawaonetsa mayi a Esnati ofunika kupalira msanga. Akuti akudziwa, ndi iwo akhala akupalira zaka zonsezi ine ndikungowalankhula.

Chakumadzulo Malemu adutsa pamsewu, akuyesedwa za mawa. Pofika pakhomo panga a Khuliwa aliza hutala kawiri. Hutala yabwino, ndinaisankha ndekha. Ndaimika dzanja. Nanga n'kutani?

Lachitatu tikwera yomweyo mpaka ku Limbe, ine ndi a Namakhwa, ngati okwera wamba. "A" wawo ndawabwezera. Munthu amene ukagone naye nyumba imodzi ya kampani sungamuchotsere ulemu.

A Namakhwa abwera kuno dzuwa likulowa, atanyamula nthochi. Takhala pakhonde, tayang'ana phiri, lero likuoneka lonse. Za sabata ino sitinatchule. Akuti afunsa mlamu wawo amene anagwirako ku Nsanje. Mabatire abwino ku likulu kulibe, basi yathu ipita ndi langa lija la kansalu kofiira. Ndati palibe vuto, ndimalidziwa, timangofuna mtsetse.

Asenda nthochi, adya theka.

Akuti: "Achimwene, depoti ya kumeneko ili pachigwa. Mtsetse kulibe ngakhale umodzi."

Taponya ndalama m'mwamba. Sabata yoyamba iwo ayendetsa, ine ndikankha.